Teremu Imene Munavala Yunifomu Yanga

Lachiwiri, 9 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, kupatula amayi amene akudandaula bondo, koma mukawauza kuti apumule ndiye mwawaputa.

Sabata yatha kusukulu kwathu kunabwera mayi wina wa kafukufuku. Akufunafuna atsikana tonse amene tinkalandira ndalama za bungwe lija, zopereka mwezi ndi mwezi malinga ngati mwana sakujomba, kuti aone kumene tinathera patapita zaka khumi ndi zisanu. Atamva kuti ndine mphunzitsi wa masamu anasangalala ngati anandibala ndi iye. Anatsegula kaundula wakale n'kunena kuti, "Inu ndiye chitsanzo, aphunzitsi. Fomu 2 yonse simunajombeko, ndipo teremu yachiwiri munakhoza masamu kuposa kalasi yonse."

Ndinayesa kungomwetulira, koma pakamwa panga mukupadziwa, sipasunga kanthu. Ndaulula, achemwali.

Ndinamuuza kuti teremu imeneyo ndinali chigonere, mwendo uli mu chikhakha. Ndinamuuza kuti inu bungwe linakusiyani chifukwa munapitirira zaka zoyenera ndi miyezi inayi yokha, moti munasiya sukulu n'kumathandiza amayi pa makina osokera. Ndikanajomba masabata sikisi ndalama zikanaduka, nanenso sukulu ikanathera pomwepo. Ndiye munamasula mpendero wa yunifomu yanga, n'kukakhala kumbuyo m'kalasi ya ana oposa zana, mphunzitsi ali watsopano. Akaitana dzina langa munkayankha ndinu, mayeso aja munalembanso ndinu. Anzanga ankadziwa, koma ambiri ankalandira nawo, ndiye aliyense anatseka pakamwa.

Pali china chimene sindinakuuzenipo. Nditachira, mphunzitsi uja anandisamutsira kutsogolo, anandibwereka buku lake, n'kumanditchula katswiri. Katswiri wake uti, ine amene ndinkawerengera zala! Ndinayamba kulimbikira masamu chifukwa cha mantha kuti angandigwire, ndipo mantha omwewo anandifikitsa ku koleji. Ntchito ndikudyerayi inayambira pa malikisi anu. Zaka zonsezi sindinakuthokozeni bwinobwino. Ndinkachita manyazi, ndipo kunena zoona, kansanje kanalipo.

Mayi uja anaseka mpaka misozi, nanditsimikizira kuti palibe mlandu, bungwelo linatseka kalekale. Kenako anafunsa kuti, "Nanga achemwali anuwo ali kuti tsopano?" Ndinati muli kutali, mumasoka zovala pa fakitale. Anatembenuza mapepala ake uku ndi uku, n'kunena motsitsa mawu kuti alibe polemba munthu amene sanali pa mndandanda. Zinandiwawa kwambiri, moti ana amene ndinawaphunzitsa masana ake sindikudziwa ngati anamvapo kanthu.

Tsono pempho langa ndi ili. Pali mayeso a anthu akuluakulu ophunzira madzulo, ndipo kulembetsa kutha pa 30 mwezi uno. Fomu yake ndaika mu envelopu momwemu. Musayambe zoti mwakula. Munthu amene amangoyang'ana nsalu n'kudziwa kuti mutuluka malaya angati, osagwira ndi pensulo yomwe, angaope pepala? Ndizikuphunzitsani pa foni, ndipo pa holide ndibwera kudzakhala ndi ana kuti muziwerenga. Mukafuna kundikalipira chifukwa chouza mlendo za m'nyumba, mundikalipire, koma fomuyo musaisiye pansi pa matiresi mpaka tsiku lipitirire.

Moni kwa alamu, muwauze kuti wayambitsa zonsezi ndine, asavutitse inu. Ana muwauze kuti amayi awo aang'ono akuwasowa. Amayi akuti moni. Nditawawerengera kalatayi anati, "Umuuze kuti mutu wake ndinkauona, koma makina analibe wina wopalasa. Andikhululukire."

Fomuyo ndalemba monse, kupatula mzere woyamba. Pamenepo mulembe nokha dzina lanu.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Wapakamwa uja