Pikapu ya Adada Ndaimanga pa Kompyuta

Okondedwa asibweni,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Mzimba tili bwino.

Ndamaliza! Pikapu ya malemu adada, ija inkanyamula anthu ku Euthini, ndaimanga pa kompyuta. Ndinalumikiza timakona ting'onoting'ono mpaka galimoto yonse inaoneka, ndipo ndimaitembenuza mbali zonse. Aphunzitsi athu a kompyuta anati ndiwongole chitseko chopindika chija kuti ioneke yatsopano. Ndinakana. Munachipinda ndinu pophunzira kuyendetsa, ndipo adada ankaseka akamachitsegula.

Amama anaiyang'ana nthawi yaitali. Yeniyeni ija ikadali kuseri kwa nyumba, koma dzana kunabwera ogula zitsulo, ndipo amama sanawabweze. Muwaimbireko foni amamawo, chonde.

Yangayi palibe adzaikweze pa lole.

Yewo chomene. Ndine mwana wa mlongo wanu,
Wezi