Zilembo Zinayi ndi Nambala Sikisi

Amayi anga, kaya muli bwanji uko munapitako? Ife kuno ku komboni ya Rugare, m'dziko la eni lino, tikupumabe, ngakhale kupuma kwake n'kwa wefuwefu. Mvula inatinyenga chaka chino. Chimanga chomwe ndinadzala m'mbali mwa njanji chinangotipatsa zitsononkho, mbatata yokha ndiyo yatisunga. Pampopi pakutuluka mphepo, ndipo m'mashopu mashelefu ali mbee. Koma pali chabwino chimodzi: mdzukulu wanu Chipo, mwana wanga uja, wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni, kulira kwake akuti ndi kwa ine.

Si za mbatata zomwe ndatengera cholembera. Ana anu andichita chipongwe, amayi, ndipo mwatsala ndinu nokha amene sindinakuuzeni.

Titakuikani, mng'ono wanga Loveness anayamba kubwera Lamulungu lililonse kuchokera ku Sunningdale. Ndinati imfa yatilumikiza. Tsiku lina anabwera ndi mapepala awiri a mafunso, akuti anawaphunzitsa kuntchito kwawo kuja, odziwira mtima wa munthu. Iye amawerenga m'Chingerezi, ine n'kumayankha m'chathu. Akuti ukatopa umafuna kukhala wekha kapena pagulu? Ndinaseka, ndekha ndizicheza ndi khoma? Akuti munthu akakulonjeza kanthu umafunsanso kachiwiri? Ndinati kachitatu komwe.

Pepala loyamba linandipatsa zilembo zinayi, ndagwirapo choyamba chokha, E. Akuti ameneyo ndi munthu wotenga mphamvu kwa anthu, wosonkhanitsa anzake, wosatha kudya yekha. Lachiwiri limagawa anthu m'magulu asanu ndi anayi, ndipo ine ndinagwera pa sikisi: munthu woona tsoka lisanafike, wofuna potsamira polimba, wosataya anthu ake. Loveness anati chokoma n'kuwaphatikiza. Akuti ena akachita mantha amadzitsekera m'nyumba, koma wa mtundu wanga akachita mantha amatuluka kukagogoda kwa anthu. Mpanda wake amamanga ndi anthu.

Amayi, ndinagwetsa misozi. Ndinakumbuka nthawi ija tinaitcha tsunami, pomwe boma linkagwetsa tinyumba ta kuseri. Mantha ndinali nawo, komabe ndinayenda mzere wonse khomo ndi khomo kufunira maloja athu, ochita lendi m'tinyumbamo, pogona. Inu munkati, "Iwe Esitere, pakamwa pako ndi chitseko cha kombi, sipatsekeka, koma pamakwera anthu." Tsiku la mapepala lija ndinati mwana wa amayi anga wandidziwa mpaka m'mafupa. Ndinamuphikira mbatata zazikuluzikulu zomwe ndinasungira mbewu.

Sabata ziwiri zapitazo ndinali ku musika wa ku Mbare kukaoda tomato. Ndinakumana ndi mayi wina wa ku Warren Park, timadziwana pamzere wa shuga. Anandikoka dzanja, akuti inu odziwa aliyense ku Rugare, tandiuzani, mlamu wanga akugula nyumba kumeneko, ija ili ndi mpeyala pageti, kuyang'anana ndi njanji, anthu oyandikana nayo ndi otani? Amayi, dengu linandipulumuka. Ine amene ndimadziwa nkhuku yomwe yaikira mumzere wathu wonse, sindinkadziwa kuti nyumba yomwe ndikugonamo ili pamsika!

Sindinabwerere kunyumba, ndinalunjika ku Sunningdale ndi tomato wanga yemweyo. Loveness sanakane. Akuti iye ndi achimwene a Fanuel anagwirizana mvula isanagwe, pafoni, achimwenewo ali ku Joni. Akuti dziko latha ili, tigulitse tonse tiwoloke, ine andipezera kachipinda kumeneko. Ndinamufunsa chimodzi chokha: bwanji osandiuza? Anayang'ana pansi, n'kuti, "Sisi, mapepala aja ananena. Mukanachita mantha, ndipo inu mukachita mantha mumauza dziko lonse. Wogula akanathawa. Tinati tikuuzeni zonse zikapsa."

Ndinakhala pansi, pasimenti pomwepo. Ndipamene ndinakumbukira kuti Lamulungu lililonse ankati, Sisi, ndikuthandizeni kulongosola thiranki la amayi. Ine n'kumati mwana akusowa fungo la mayi wake. Kani ankafuna pepala la umwini wa nyumba! Chinamulepheretsa n'chakuti munalisokerera mkati mwa pilo wanu, ndipo munauza ine ndekha. Ndinamufunsa ngati sankaopa kuti ndimutulukira. Yankho lake ndi lomwe likundidya mpaka lero. Akuti mapepala omwewo ananenanso kuti wa mtundu wanga amakayikira aliyense wakunja, koma wake samufunsa kawiri.

Mapepalawo sananame, amayi. Zonse ananena ndi ine. Mantha ndili nawo, pakamwa ndili napo, anthu anga ndimawakhulupirira. Chondipweteka n'chakuti ndinayankha mafunso aja ndi mtima wonse, ndikuseka, osadziwa kuti ndikumusonyeza pomwe mpanda wanga uli ndi chiboo. Mdani akanachita kufufuza. Uyu ndinamuuza ndekha, n'kumupatsanso tiyi.

Inu munkati chibale ndi fupa, sichiola. Mwina sichiola, koma chimathyoka, ndamva ndekha kulira kwake. Nyumba iyi bambo anaigwirira ntchito ku njanji mpaka msana kupindika. Kumudzi ku Ntcheu sitikudziwako njira, kuno chitupa chimati ndife alendo. Tikaitaya, kwathu kudzakhala kuti? Ku Joni, m'kachipinda ka mwini, ine ndi Chipo ndi khanda?

Ndiye ndinachita zomwe ankaopazo. Ndinauza amayi a kutchalitchi, ndinauza mzere wonse, ndinauza ngakhale wosoka nsapato wa pakona. Wogula atabwera kudzaonanso nyumba anapeza amayi ali mbwee pabwalo, ena akuyamwitsa, ena akusenda mbatata. Onse anamupatsa moni mmodzimmodzi, mwaulemu, pomutchula dzina. Sanalowe n'komwe pageti. Achimwene a Fanuel sakundiyankhulanso, akuti ndawachititsa manyazi.

Dzulo Loveness anabwera, atanyamula buledi, kaya anamupeza kuti masiku ano. Ndinamulandira, ndinamuyalira pokhala. Madzi anali atatha, ndiye ndinatenga chigubu kuti ndipite kuchitsime. Ndili pakhomo ndinaima, ndinabwerera, ndinakiya chipinda chanu n'kuika kiyi m'thumba. Anamva kulira kwa loko. Zaka zonse zija simunakiyirepo mwana wanu chitseko m'nyumba muno, amayi. Woyamba ndine, ndipo ndinalira njira yonse ya kuchitsime.

Kumukhululukira sindikulonjezani lero, ndinganame. Chomwe ndikulonjeza n'chakuti mwana wa Chipo wotchedwa dzina lanuyu adzaphunzira kuyenda pabwalo lanu lomweli. Mundiperekere moni kwa bambo, koma nkhaniyi muwauze pang'onopang'ono.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esitere