Linah Anasesa Manda a Eni Ake

Kitwe, mwezi wa Novembala

Adumbu anga, alongo anga a Evelina,

Monile kumeneko. Muli uli inu ndi alamu? Nanga mwendo wa Amama ukali kutupa, kapena mafuta aja anathandiza? Ife kuno tili bwino. Mvula yayamba, ndipo denga latisonyeza mabowo onse amene alandilodi analumbila kuti anatseka. Magetsi amabwela ngati mlendo wamanyazi, kungolonjela n'kubwelela. Kusukulu ana akulemba mayeso, ine ntchito n'kuyendayenda pakati pawo ndi nkhope ya wapolisi.

Ndalemba chifukwa cha mlamu wanu Linah, mkazi wangayu. Ndamva kuti nkhani yake kwathu ku Kapichila yamela nyanga, ati mkazi wa Haswell anapezeka akutapa dothi pamanda a eni ake. Mu Ogasiti muja inu munali ku ukwati ku Chikomeni, ndiye imvani kwa ine amene ndinalipo.

Linah ndiye anapempha kuti tipite kubwinja kumene anagona Adada. Eston, poti mng'ono wathuyo sayenda koma kuthawa, anatsogola ndi khasu, nati azititsekela njila. Tinawoloka dambo, ndinamuonetsa Linah ngalande ya linga lija m'mene makolo ankabisala nthawi ya nkhondo, lelo muli fodya wa a Zimba. Kenako tinafika pang'anjo yakale yosungunulila chitsulo, yongooneka ngati chulu. Pamenepo uphunzitsi unandigwila. Ndinayamba za ntale, miyala ija ya chitsulo, ndi makala, za makasu amene agogo ankakwatilila, ndipo potembenuka ndinapeza kuti ndikuphunzitsa mitengo. Kalasi yanga inali itapita.

Pamphambano Eston anagoneka nthambi yaiwisi chopingasa njila yolakwika, monga timachitila kuti wobwela kumbuyo asalowe kumeneko. Linah, mwana wa ku Kabwe, ataiona anaganiza kuti mlamu wake wamulozela njila. Anaidumpha, akuyamikila kuti Eston ndi munthu woganizila anzake. Paja amati kufunsa ndi kudziwa njila, koma wofunsidwayo anali atatsala pang'anjo. Ndinalondola mapazi a nsapato zake mpaka kubwinja la a Jere.

Ndinamupeza atazula kale udzu ndi manja pamanda a pansi pa mtengo wa muwanga, atasesa ndi masamba, atagwada. Anali kudzidziwitsa kwa Adada m'Chitumbuka chake chija chothyokathyoka. Adumbu, ine ndinadziwa kuti wagona pamenepo ndi agogo awo a Danwell Jere, koma ndinangoima kumbuyo kwake. Ndinadikila kuti amalize. Amene sanadikile ndi a Danwell eni ake. Anatulukila ndi ng'ombe zawo n'kuona mkazi wachilendo ali ndi dothi m'manja. Eston atabwelela tinafotokoza, iwo anamva, koma nkhani inafika kumudzi ife tikali m'njila. Nkhuku yopepesela Eston anapeleka kale, ndipo a Danwell akuti manda aja sanayelepo chotelo.

Otsala kukhululuka ndi Amama. Pafoni amafunsa za ine, za mvula, ngakhale za galu wathu, koma dzina la mkamwana wawo satchula. Linah amaima pakhomo kudikila kuti ndimupatse foni, kenako amakatsuka mbale zotsuka kale.

Zimene ananena pamanda paja ndinamva ndine ndekha. Anauza Adada kuti sanawaonepo, koma wawabweletsela mdzukulu, ndipo anafuna kuti iwo akhale oyamba kudziwa. Inde, adumbu, mlamu wanu ali ndi pakati. Woyamba kumva anali mkulu wa Chingoni uja wa kwa Jere amene sitili naye pachibale, ndipo ndimuyamika, wasunga chinsinsi kuposa amoyo a kwathu.

Pempho langa ndi limodzi. Nkhani yotele mwana wamwamuna sauza mai ake, ndi ya inu azimai. Pitani kwa Amama, mukhale nawo pamphasa, muwauze zonse kuyambila poyamba. Ine musandiikile kumbuyo, nenani ndithu kuti mwana wawo wa ku koleji anataya mkazi masanasana. Akaseka ndiye kuti mlandu wayamba kutha.

Mundipelekele moni kwa alamu, kwa adada aang'ono a Steward, kwa ankhazi a Jemima ndi kwa ana onse. Linah akuti moni kwa Amama, ndipo wandiimilila pano kuti aone ngati ndalembadi.

Amama akakhala chete, musawakakamize. Koma akafunsa mwezi, ndi wa Malichi.

Ndine mdumbu wanu,
Haswell