Njanji Idzadutsa pa Manda a Bambo

Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wa amayi uli bwanji, wasiya kutupa? Ine kuno ndilipo, kungoti chifuwa cha fumbi sichikundisiya.

Paja mukudziwa kuti ku ofesi ntchito yanga ndi yosindikiza mapu. Chiyambire chaka tili pa mapu a njanji yatsopano, yochokera ku migodi mpaka ku doko. Ndi ya katundu yekhayekha. Munthu sadzakwera, ndipo kwathuko siteshoni sidzakhalako, sitima izidzangodutsa.

Lachiwiri lapitali ndikutulutsa pepala m'makina, ndinazindikira mtsinje wathu ndi phiri lija. Ndinatsata mzere wofiira ndi chala. Ukudula munda wakumtunda pakati, ukudutsa pomwe mwakumba maziko a nyumba yanu, n'kulowa kumanda, mbali yomwe agona bambo. Ndinangokhala pansi pa simenti.

Kenako ndinalimba mtima n'kupita kwa injiniya wamkulu, amene timawatcha a Magalasi. Si munthu woipa, mpaka anandipatsa mpando. Anati sitima yolemera chotero siikhota msanga ndiponso siikwera chitunda. Anandionetsa kuti akausuntha mzerewo, ukagwera pa sukulu ndi nyumba makumi atatu za kutsidya, ndipo anandifunsa ngati ndikufuna zimenezo. Ndinangobwerera ku makina anga. Masana ake anandipatsa mndandanda wa mabanja osamutsidwa kuti nditaipe. Dzina la amayi ndinalilemba ndi manja angawa.

Atiletsa kuulula nkhaniyi isanalengezedwe. Zikamveka kuti zatulukira kwa ine, ntchito yanga yatha, choncho mukawerenga kalatayi muiwotche.

Pempho langa ndi limodzi. Anthu okhoma zikhomo zosonyeza modutsa njanji abwera mvula ikangosiya. Asanafike, mukhale pansi ndi amayi muwauze nokha, pang'onopang'ono, kuti bambo adzafukulidwa n'kukaikidwa kwina. Asazimvere kwa alendo ovala zipewa zolimba ataima pabwalo pawo. Ine ndawaimbira foni kawiri kuti ndiwauze, koma akangoyankha ndimapezeka ndikufunsa za nkhuku.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali, alamu ndi ana onse. Amayi akafunsa ngati ine ndinkadziwa, musandibise. Muwauze kuti ndinkadziwa.

Ndatha ine,
mlongo wanu wamng'ono