Njerwa taotcha kale, koma thanki ya mkaka yapita mudzi wina

Agogo,

Ndine mlimi wa ng'ombe zamkaka kuno ku Mikolongwe. Akazi anga, a Hidaya, ndi wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu. Sindikuwachemerera chifukwa ndi anga ayi, koma mayi ameneyu ndi chitsulo.

Mkaka wathu umasasa tisanafike nawo kogulitsa, choncho mudzi unawatuma kukapempha nyumba ya thanki yoziziritsira mkaka. Anatengera pempholo ku komiti ya dera, n'kulitsatira mpaka ku khonsolo ku Chiradzulu, nthawi zina wapansi. Ife otsala tinachita zomwe makolo ankachita pofuna chitukuko: tinaumba njerwa n'kuotcha, kuti boma lione kuti ndife okonzeka. Palibe anatiuza kutero.

Yankho labwera. Unduna wavomera, koma thankiyo ikhala m'mudzi woyandikana nafe, kumene kuli magetsi ndi msewu, kuti ithandize dera lonse. Njerwa zathunso akuti ayi, masiku ano nyumba zaboma amamangira mabuloko a simenti. Chondisiya kukamwa yasa n'chakuti pamsonkhano wa dera akazi anga anavomereza. Atafika kunyumba anangoti, "Bambo a Tadala, thanki yopanda magetsi ndi mgolo chabe."

Tsopano malume awo, a Taufiq, akuti mwana wawo wagulitsa mudzi, ndipo Loweruka akufuna amuchotse pampando. Akazi angawo akuti angotula okha udindo. Ine mtima ukundipweteka, koma ndine mkamwini, pabwalo mawu anga salemera. Ndiwalole atule?

S.J., Mikolongwe

Bambo S.J.,

Asatule. Mwakwatira munthu woona patali, ndipo pena ndikukuchitirani nsanje. Ambiri akakhala pampando amakokera chilichonse kwawo, ngakhale chikafike n'kuchita dzimbiri. Akazi anu anadziwa kuti mudzi umapempha, dera limasanja zopempha za midzi yonse, khonsolo n'kuika mu pulani yake, ndipo unduna umayang'ana ngati chinthucho chidzagwiradi ntchito. Anasankha mkaka wosasasa, osati kuomberedwa m'manja.

Koma a Taufiq musawaone ngati mdani. Munthu amene waponda dothi mpaka zidendene kung'ambika ali ndi chifukwa chokwiyira. Munalakwitsa nonse poumba musanafunse, ndipo komiti ivomere poyera kuti sinakuletseni.

Loweruka lisanafike, mayi akapemphe khansala ndi mlangizi wa ziweto kuti abwere adzafotokoze okha, chifukwa mneneri salemekezeka kwawo. Apitenso kwa malume awo mwaulemu, awiriwiri, nkhani isanafike pabwalo. Njerwazo zisamere udzu: mudzi ugwirizane zomangira makola kapena kanyumba kosonkhanitsira zigubu m'mawa. Ndipo aumirire kuti mudzi wanu ukhale ndi anthu mu komiti yoyendetsa thankiyo. Walira mvula walira matope, ntchito sinathe.

Inuyo pabwalo musakalankhule, angati mkamwini ndiye akumupotoza mwana wathu. Kakhaleni poti akazi anu akuoneni. Tsiku lotsegulira thankiyo, chigubu choyamba pa njinga chidzakhale chanu.

Chenjezo langa ndi ili: mawu okoma onsewa mwalembera ine, munthu wosamudziwa n'komwe. Kodi mwiniwake munamuuzapo? Mukapitiriza kumusirira chamumtima, adzatula udindo akuganiza kuti nanunso muli mbali ya malume. Muuzeni lero.

Agogo