Mawu a Abambo ndi Pulinta ya Azakhali

Lachinayi, 11 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo maphunziro a unamwino akuyenda. Kuno tilipo. Abambo ayamba kudya okha ndi dzanja lamanzere, koma lamanja likadali lofa, ndipo chiwagwireni sitiroko mawu amene amatuluka ndi omwe aja, “aa, aa,” basi. M'mawa timawakhazika pampando wawo m'chipinda chakumaso, pakati pa zenera ndi tebulo la kompyuta, kuti aziona anthu odzatayipitsa makalata. Ntchitoyo akuyendetsa ndi azakhali. Amatayipa ndi zala ziwiri, koma pakamwa pokha pamathamanga kuposa pulinta.

Ndakulemberani chifukwa cha zimene munanena zija, kuti odwala ngati abambo nthawi zina amathandizika akamamva nyimbo zimene ankaimba okha. Ndinakumbukira kuti kale ankajambula mawu awo pakompyutapo ndi kamaikolofoni kothyoka khosi kaja. Mafayilo ake alimo ndithu, koma kompyutayo sinkatulutsa mawu, chifukwa khadi la mawu analichotsamo kalekale. Ndinalipeza m'katoni ya zingwe kunsi kwa bedi, atalikulunga m'sokosi. Nditaweruka kusukulu ndinamasula chivindikiro n'kulilowetsa pamalo pake.

Achemwali, zimene zinachitika sindingafunire munthu. Nditatsegula fayilo yoyamba, sipika inatulutsa mawu a abambo enieni, okhuthala aja, koma kachidutswa kokha: “Tabw, tabw, tabw,” osalekeza, ngati munthu wotsamwidwa. Mabatani onse anauma. Abambo anandiyang'ana. Ndinachita kuzula chingwe kukhoma.

M'mawa mwake pulinta nayo inaima pakati pa kalata ya mlonda wina wofunsira ntchito, pepala lili theka mkati theka kunja.

“Iwe Kadzidzi, walodza chiyani makinawa?” anatero azakhali. “Taona maso tong'o ngati si iwe!”

“Ndangobwezeramo khadi la abambo, azakhali.”

“Khadi limenelo tidya? Pulintayi ndi imene imaphika m'nyumba muno. Achimwene akanakhala olankhula akanakuuza okha.”

Ananena zimenezi abambo ali pomwepo. Masiku ano anthu amakamba za iwo ngati akukamba za kabati.

Azakhali anaitana mmisiri wa pakona uja wokonza mafoni. Atangoiona kompyutayo anaseka mpaka kugwira tebulo. “Mayi, awa ndi agogo a makompyuta, akufunika ndodo! Loweruka ndibwere ndidzafufute zonse, tiyambirenso.” Azakhali anavomera. Koma kufufuta zonse ndiye kufufutanso mawu a abambo, ndipo kwina kulikonse kulibe.

Ndinamutsatira mmisiriyo mpaka pamsewu. Mukudziwa kuti ine kufunsa munthu kumandivuta, koma ndinamufunsa za khadilo ndi pulinta.

“Awiriwo akulimbirana khomo limodzi, mphwanga,” anatero akuyenda. “Chilichonse m'katimo chili ndi nambala yake yoitanira kompyuta. Pulinta imaitanira pa seveni. Khadi lako likakhalanso pa seveni, onse akugogoda pamodzi, mwini nyumba amangosokonezeka. Kaone pomwe alemba IRQ. Koma ukapsereza, ine sindikudziwa.”

Lachitatu la sabata yomweyo azakhali anapita kukagula mapepala, n'kundisiya ndi abambo. Ndinazula khadilo n'kuliyang'ana pazenera. M'mphepete mwake muli timano tachitsulo tiwiritiwiri, manambala ali pambali, ndipo kachipewa kakuda kapulasitiki, kochepa ngati njere ya mpunga, kanali pa seveni. Ndinakatokosa ndi pini ya azakhali. Kanadumpha n'kugwera pansi, ndipo ndinakwawa chipinda chonse thukuta lili kamukamu, mpaka abambo anagogoda mpando ndi chala: kanali pafupi ndi phazi lawo. Ndinakaveka pa faivi.

Nditayatsa, kunali zii. Ndinayesanso, zii. Ndinaganiza kuti ndapsereza. Kenako ndinakumbukira mzere wa manambala umene umadutsa kompyuta ikamayaka. Ndinaufunafuna m'fayilo yoyambira, ndipo unkanenabe seveni. Khadi linali litasamuka, koma kompyuta inkalidikirabe pakhomo lakale. Ndinasintha nambala imodzi yomweyo, n'kuyatsanso. Ndinatumiza kalata ya mlonda ija ku pulinta, ndipo ikulira choncho ndinatsegula fayilo ija.

Sinali nyimbo, achemwali.

“Tabwera, Kadzidzi, udzalankhule apa. Usaope, sichiluma. Tanena dzina lako.” Kenako chete. Kenako kuseka kwawo kuja. “Ameneyu ndiye wangoti maso tong'o. Chabwino mwanawe, ine ndidikira.” Chapatali mukumveka inuyo mukufunsa amene wabisa chipeso chanu.

Azakhali anatipeza tikumvera kachitatu kapena kachinayi, sindikudziwa. Anaima pakhomo mapepala ali pachifuwa. Madzulo anakamuuza mmisiri uja kuti asavutike kubwera. Pulinta chiyambire tsiku limenelo sinaimenso.

Mwina apa mukusangalala, ndipo inenso ndinasangalala. Koma tamvani zotsatira zake.

M'mawa uliwonse ndikavala yunifolomu n'kudutsa pafupi ndi mpando, abambo amandigwira pamkono ndi dzanja lamanzere lija. Lili ndi mphamvu kuposa mmene mungaganizire. Amaloza kompyuta ndi chibwano. Ndimawatsegulira fayilo ija, ikatha amandifinya mkono, ndimatsegulanso. Nyimbo zawo zilimo zambiri, koma safuna, amafuna yomweyo. Ndinayesa kuwaphunzitsa azakhali, si zovuta ayi, kungotuluka m'pulogalamu yotayipira n'kulemba mawu awiri.

“Ine ayi,” anakana. “Zala zangazi zingaphe mawu a achimwene, ndidzalowera kuti? Akuitana iwe, sukumva? Khala nawo. Sukulu sithawa.”

Belu la kusukulu limamveka bwinobwino pazenera lathu, ndazindikira tsopano. Ndimaona anzanga akudutsa, ena amasuzumira n'kumaseka kuti Kadzidzi watsegula wailesi. Aphunzitsi a masamu anatuma mtsikana wa m'kalasi mwathu kudzafunsa ngati ndikudwala. Azakhali anayankha kuti ndikuthandiza pang'ono pakhomo. Mayeso ali pafupi, ndipo mabuku ndimawerengera pabondo, pakati pa “tabwera” ndi “ndidikira.”

Pali china chimene sindinauze munthu. Dzana abambo akuwodzera ndinatenga sikuludiraiva. Ndinaganiza kuti kachipewa kaja ndikangokabwezera pa seveni, zonse ziumanso, azakhali aitana mmisiri, ine n'kubwerera kusukulu. Palibe akanadziwa. Ndinamasula sikulu imodzi. Abambo anadzuka, ndiye ndinachita ngati ndikupukuta fumbi, n'kuwatsegulira mawu awo. Itafika poti “Tabwera,” milomo yawo inagwedezeka, ndipo ndinamva ndi makutu angawa: “Ta.” Osati “aa” ayi. “Ta.”

Sikulu ija ndinaimanganso.

Ndiye ndikupempheni, achemwali. Ngati tchuthi chili pafupi, bwerani, ngakhale masiku ochepa, mudzaone nokha ngati “ta” ameneyu ali chiyambi cha kulankhula kapena ndi makutu anga chabe. Ngati simungathe, alembereni azakhali za sukulu yanga, inu amakumverani. Koma musanene kuti ndadandaula, chifukwa sindikudandaula. Abambo anati adikira, ndipo anadikiradi zaka zonsezi. Kungoti sindikudziwa kuti ineyo ndidikira mpaka liti.

Azakhali akupereka moni, akuti muzivala zofunda. Mlonda uja ntchito anaipeza, anabwera kudzathokoza. Abambo ndawauza kuti ndikulembera inu, ndipo afinya kawiri, ndiye moni wawo ndi umenewo, mulandire. Pepani kuti zilembo zapendama. Pepala lili pabondo ndipo palibe choligwirizira, dzanja langa linalo abambo sanalisiyebe.

Ndine mlongo wanu,
Kadzidzi