Gudumu la Mzime ndi Kiyi Wachiwiri

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija linasiya kukuvutani? Kuno tilipo. Amayi magazi akuthamangabe monga mudziwa, koma mankhwala akumwa. Ine m'thupi ndili bwino, kungoti ndatopa.

Mu envelopuyi muli kiyi. Musataye. Ndifotokoza.

Mukukumbukira kagulu kathu ka Loweruka masana, kamene kamakumana pakhonde pa Wowotcherera zitsulo uja? Tidakakumanabe. Timakhala anayi: mwini khondeyo, Aphunzitsi a sayansi amene anapuma ntchito aja, Mzime wathu, ndi ine. Timakangana zinthu zosatidyetsa. Mwezi wathawu tinatha masana onse pa funso loti ngati nyenyezi zili zosawerengeka, bwanji kumwamba kumada dzuwa likalowa. Wowotcherera anati mwina kunja kwa thambo lathuli kulinso mathambo ena. Aphunzitsi anamufunsa kuti tiyese bwanji. Iye anati sizingayesedwe. Iwo anati ndiye azikakamba zimenezo pometetsa tsitsi, chifukwa pakhonde pano pali lamulo limodzi: usanatiuze zimene ukukhulupirira, tiuze kaye chimene chingakugonjetse.

Lamulo limeneli ndimalikonda. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuyendera masikelo a m'masitolo ndi miyala yanga yoyesera, ndipo sindinaonepo sikelo yonama imene mwini wake sanailumbirire.

Tsono Mzime wapanga gudumu. Anatenga gudumu la njinga, namangirira maginito a m'masipika akale kuzungulira ponse, ena nawakhomera pathabwa. Akuti maginito a pathabwawo amakankha a pagudumuwo, ndiye ukangoliyambitsa kamodzi silidzaimanso. Ndinamuuza zimene zili m'buku lililonse: maginito amene akukukankha pochoka ndi omwewo amene anakukaniza pobwera, ndipo kukhulana kwa zitsulo ndi mphepo kumadya mphamvu pang'onopang'ono mpaka ithe. Anandiyankha kuti ine ndinabadwa wokalamba, ndi chifukwa chake Amayi ananditcha Sikelo.

Aphunzitsi anamufunsa chimene chingamugonjetse. Iye anati tilitsekere masiku asanu ndi awiri. Likaima, waluza. Koma likapanda kuima, asiya ntchito ku kampani yosindikiza mabuku kuja kuti apange lalikulu. Kalata yosiyira ntchito analemberatu. Achemwali, mkazi wake, mlamu wathu uja, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.

Sindinade nkhawa. Ndinali nditaliyesa ndekha ndi wotchi: likakankhidwa bwino limazungulira mphindi khumi ndi ziwiri, kenako zii.

Tinaliika m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Amayi, momwe muli makasu ndi sutikesi ya malemu Bambo. Tinatseka ndi loko wakale wa Bambo uja. Kiyi anapatsa ine, pamodzi ndi kope lolembamo. Tinapangana kuti tizitsegula faivi koloko tsiku lililonse, tonse tikaweruka.

Tsiku loyamba tinapeza likuzungulira. Lachiwiri chimodzimodzi. Wowotcherera anavula chipewa. Aphunzitsi anangoti tiyeni tione mawa. Ine ndinapita kunyumba n'kukatsegula mabuku amene ndinawasiya kalekale, kufuna pamene ndinaphonya.

Tsiku lachitatu linali likuzungulira chobwerera m'mbuyo.

Mzime sanaphethire n'komwe. Anati maginito atembenuka okha, ndipo zimenezi zikungoonetsa kuti mphamvu yake ndi yaikulu kuposa mmene ankaganizira. Aphunzitsi anati chinthu chimene chimapambana chikapita kutsogolo, n'kupambananso chikabwerera m'mbuyo, iwo amachiopa. Tinaseka. Koma ine ndinali nditakumbukira kuti loko aliyense amagulidwa ndi makiyi awiri.

M'mawa mwake ndinapempha kuweruka msanga. Nditafika ndinaima kuseri kwa thanki ya madzi. Itatsala mphindi khumi kuti ikwane faivi, Amayi anatuluka atanyamula tsache, n'kumasula kiyi pa mpango wawo. Analowa m'kachipinda muja, n'kutuluka tsache lili m'manja lomwelo, osasesa kanthu.

Nditawafunsa sanakane. Anati dzulo lake anakankha gudumulo ndi dzanja lamanzere chifukwa lamanja linali ndi sopo, ndiwakhululukire. Ndinati nkhani si dzanja. Anandifunsa ngati ndikudziwa tsiku limene Mzime anamwa mowa komaliza. Sindinadziwe. Anati chiyambire gudumu limeneli, miyezi isanu ndi itatu, mwana wawo akumabwera kunyumba akununkha girisi, ndipo iwo fungo la girisi alikonda.

Ndinawauza za kalata yosiyira ntchito. Anati imeneyo tidzaiona ikafika. Kenako anandifunsa ngati ndikuganiza kuti tsiku limene ndinaphunzira njinga ndinkayenda ndekha. Anati iwo ankathamanga pambuyo atagwira chishalo, ndipo pamene anasiya ine sindinadziwe. Ndinati Amayi, mwana amaphunzira, gudumu siliphunzira. Mukhoza kuligwirira zaka makumi awiri, tsiku limene mudzasiye lidzaima pakatha mphindi khumi ndi ziwiri. Anangoti ndimadziwa zambiri, n'kulowa m'nyumba.

Ndikanaulula tsiku lomwelo. Ndinati ndidikire mpaka Loweruka, ndipeze mawu abwino. Mawuwo sindinawapeze.

Tsopano ndifike pa chimene ndakulemberani.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Amayi anapita kuchipatala kukatenga mankhwala, mzere unatalika, sanabwere msanga. Ine ndinafika anzanga asanafike, ndinatsegula ndi kiyi wanga. Gudumu linali chiimire. Kangaude anali atayamba kale kumanga pakati pa masipoko awiri. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti basi, zatha zokha, sindifunikanso kunena kanthu.

Ndiye ndinamva mawu a Mzime kumsewu. Ankabwera ndi mkazi wake, koyamba, kudzamuonetsa. Ankaseka. Mukukumbukira kaseko kake kaja ali wamng'ono, kokhala ngati akutsamwa? Ndinali ndisanakamve chimwalirire Bambo.

Ndinalikankha, Achemwali. Ndi chala chimodzi. Ndinasamala kuti lipite mbali yoyenera. Ndinatseka, n'kukaima panja ngati ndangofika kumene. Titatsegula ndinalemba m'kope kuti likuzungulira. Mawu amenewo ndi oona, ndipo ndi bodza lalikulu kuposa onse amene ndinawagwirapo pa sikelo za anthu.

Tsiku lomaliza amene analikankha ndi Amayi. Mzime anatulutsa kalata ija m'thumba n'kutionetsa. Amene anatipulumutsa ndi Aphunzitsi. Anati choyesa kamodzi ndi mphekesera chabe, tibwereze. Ulendo uno loko akhale watsopano, ndipo ola lotsegulira azisankha iwo tsiku lomwelo osauza munthu. Polankhula sanandiyang'ane, ndipo sindidziwa ngati akudziwa. Mzime anavomera mokondwa. Anati abwereze kakhumi ngati akufuna, kalata aisunga mpaka titamaliza.

Tiyamba Loweruka likubwerali. Lamlungu gudumu lidzapezeka litaima. Pa zimenezi ndilibe chikayiko ngakhale pang'ono. Chimene sindidziwa ndi kumene Mzime adzalowere akachoka pakhomo la kachipinda kaja. Pa funso limeneli mabuku anga sanena kanthu.

Ndikupempheni ziwiri. Choyamba, muziimbira Mzime foni kuyambira Lamlungulo, tsiku ndi tsiku, ngakhale sabata yonse. Za gudumu musayambitse ndinu. Mufunseni za mwana akubwerayu, kapena akuthandizeni nzeru pa wailesi yanu yakufa ija. Inu amakumverani, ine amangonditsutsa. Chachiwiri, lankhulani ndi Amayi. Akuti ine ndikufuna kubwezera mwana wawo ku botolo kuti mabuku anga akondwe. Auzeni kuti ntchito ikatha, botolo lidzabwera ndithu, ndipo lidzapeza m'nyumba muli khanda.

Za chala changa ndidzamuuza ndekha zonse zikatha. Adzakwiya, ndipo adzakhala akulondola. Za Amayi sindidzanena. Zimenezo ndi zawo.

Loko watsopano ndagula dzulo. Kiyi mmodzi ndapereka kwa Aphunzitsi. Amayi anabwera kudzandifunsa kuti winayo ali kuti, ndinawauza kuti ali kutali. Anaganiza kuti ndikubisira iwo. Sindinawauze kuti amene sindikumukhulupirira kwenikweni ndi ine. Mumusunge m'kabati yanu, ndipo ngakhale nditakuimbirani kukupemphani kuti mubweze, mudzakane.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Wamkuluyo mumuuze kuti buku la nyenyezi lija ndamusungira. Mulungu akusungeni, ndipo mutikumbukire Lamlungu.

Ine mlongo wanu,
uja Amayi amati Sikelo